Menyu ya Asisi Filomena

"Ine makina sanandigonjetsepo!" anatero Ignatius Sakala, ataima pakhomo la shopu yake ya makompyuta ku Katete. "Ku Tete ndinadzutsa jenereta yakufa, ku Joni ndinakonza mafiriji a azungu. Nanga kabokosi aka? Dzulo ndakapatsa apudeti, mapulogalamu ake onse ndi atsopano, lero kakuthamanga ngati basi ya ku Lusaka."

"Joni, Joni," anatero a Filomena, mlongo wake wamkulu, ali pa kompyuta. "Ulendo wonsewo unayambira pa mtedza wanga umene unatenga kukagulitsa, mpaka lero sunabweze."

Alimi amene anali pamzere kudikira mapepala a feteleza anaseka. A Filomena sanaseke nthawi yaitali. Pambali pawo panali a Aaron, mphunzitsi wa ku Sinda, amene anatha m'mawa wonse akulemba pa intaneti zopempha kuti awasamutse sukulu. Chotsala chinali kupulinta basi. A Filomena anadina mausi kumanja, menyu inatseguka, dzanja linatsika pamalo ake a masiku onse, n'kudinanso. Pulinta inangoti zii. Tsamba linaphethira, n'kubwera loyera mbee.

"Mayi, mwatani?" anakuwa a Aaron. "Zonse zafufutika!"

Ignatius anathamangira pomwepo. "Asisi, mwadina poyambitsiranso tsamba. Apudeti yasintha menyu, kupulinta kuli m'kati umu tsopano. Simukuona? Zalembedwa poyera."

A Aaron anatuluka akung'ung'udza. Alimi angapo anawatsatira, kulowera ku shopu ya patsidya pa msewu. Ignatius anatseka chitseko, natsegulanso menyu ija.

"Tawerengani apa, asisi."

A Filomena anasendera pafupi mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza galasi.

"Ndikuona nkhungu yokhayokha, Igi," anatero potsiriza. "Maso anayamba kale. Dzanja ndilo lakhala likundionera. Pa menyu yakale limadziwa pokhala chilichonse, ngati njira ya kuchitsime. Iwe wasamutsa chitsime."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinene kwa iwe? Si iwe umalalikira kuti wolephera ntchito apite kumudzi akawete nkhuku? Ku Vubwi ndikatani ine? Nyumba inagwa, munda analima ena. Ndikangokhala pakhonde la eni, kumapempha madzi."

Ignatius anavula jekete, nakhala pampando wa mlongo wake. Anayesa kubweza apudetiyo, koma bulawuza, pulogalamu yotsegulira intaneti, inakana. Anafufuza m'makonzedwe ake onse, koma njira yobwerera kunalibe. Thukuta linanyowetsa kolala. Kunja wina anagogoda pawindo.

"A Joni, zavuta? Itanani azungu anu aja!"

"Zivute kuti? Makina akundipatsa moni!" anayankha, koma mawu ake anali opyapyala.

Dzuwa litapendeka, anapeza ekisitenshoni, kapulogalamu kakang'ono kophatikiza pa bulawuza, kolola munthu kusanja menyu mmene akufunira. Anakalowetsa mu kompyuta, koma anapeza kuti iye mwini sakumbukira kasanjidwe kakale.

"Asisi, pamwamba panali chiyani?"

"Kubwerera m'mbuyo."

"Kenako?"

A Filomena anatsinzina, chala chikutsika mumpweya, nanena zonse chimodzichimodzi. Ignatius ankangosanja ngati mwana wa sukulu. Atamaliza anawagwiritsa mausi. Anadina, dzanja linatsika, anadinanso. Pulinta inatsokomola, n'kulavula pepala.

"Chitsime chabwerera," anatero a Filomena.

"Ndinati chiyani ine? Sanandigonjetsepo!" Ignatius anadumpha, koma anakhalanso msanga. "Komatu asisi, ichi n'chigamba chabe. Chakudza sichiimba ng'oma. Apudeti ina ikadza, kapulogalamuka kakhoza kufa, ndipo nkhunguyo ikukulirakulira."

"Ndiye undipitikitsa?"

"Mpando uwu ndi wanu. Koma Lolemba tikwera ya ku Chipata, madokotala a maso akakuoneni."

"Tikalipira chiyani? Shopu yagona ndi njala lero."

Ignatius anatenga foni, napepesa a Aaron, n'kulonjeza kuti adzawalembera yekha zonse zija kwaulere.

Lolemba m'mawa a Filomena anafika pa siteshoni atanyamula kachikwama. Anapeza Ignatius akukangana ndi kondakitala amene ankakana katundu wolemera pa minibasi.

"Katundu wanjinso, Igi?"

"Wanu, asisi. Tikagulitsa ku Chipata, kenako kuchipatala. Bwerani mumuone."

Anawagwira dzanja naliika pa thumba. A Filomena anafinya, makoko anaphwanyika m'kati. Anapapasa lina, anapapasanso lina.

"Mtedza," anatero. "Matumba atatu. Ngati omwe unanyamula tsiku lija popita ku Joni."

"Ndiye musadzanditchulenso pamzere."

"Tikaona kaye ngati si wofumbwa," anatero a Filomena, nakwera minibasi.