Nkhuti ya ku Brampton

A William anatsika nayo fosholo ndi mphamvu zonse, koma inangolira ngati yagunda thanthwe. Munali mu Januwale, kuseri kwa nyumba ya mwana wawo Eunice ku Brampton, kutsidya kwa nyanja. Pansi pa nthaka youma gwa ndi chisanuyo panali mbatata ya kachewere yonse imene anakolola m'kadimba ka kumpanda, ndi mbewu yomwe.

"Ndinakuuzani, ababa," anatero Eunice ali pakhomo, atafunda jekete la mwamuna wake. "Kuno timasunga m'makatoni, ku besimenti. Safunsa anadya phula."

Koma m'chipinda chapansicho mumatentha ndi makina ofunditsa nyumba; mlimi wanji angagoneke mbewu mmenemo? Iwo anachita zimene ankachita ndi mbatata ya kholowa kwawo ku Tsangano: anakumba nkhuti, nayala udzu wouma, nathira phulusa la pachowotchera nyama, nakwirira. Chibwerere kuno, chakudya ankachita kuikiridwa, basi kukwezedwa, ngakhale foni kuimbiridwa. Ulimi wokha ndiwo unatsala wawowawo. Ukawolera pansi, atsala ndi chiyani?

Komanso panali funso limene silinkawachoka m'mutu: kodi chisanu cha kuno chimalowa pansi mpaka pati? Anafunsa kutchalitchi. Wina anati mpaka m'mawondo, wina m'chiuno, onsewo anthu ogula mbatata m'sitolo. Basi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu Epulo nthaka inafewa. Atangofukula, fungo linamuthamangitsa Eunice mpaka m'nyumba. Yapamwamba yonse inali phala. Mtima unawapweteka zedi, ndipo anaima kanthawi atagwira m'chiuno. Kenako anagona chafufumimba n'kupisa dzanja. Pachigongono, phala lokhalokha. Anapitiriza, tsaya litagunda matope. Mkono utamira kufika chakuphewa, zala zinakhudza cholimba.

Anatulutsa imodziimodzi, yosadzaza n'chipewa chomwe. Iliyonse inali itatuluka timaso toyera.

Eunice anabwerera atatsina mphuno. "Ndiye mwapezamo chiyani, ababa? Tiyeni mukavule, ndichapiretu."

Anamuonetsa mkono wa malaya, matope atalemba mzere mmunsi mwa phewa.

"Chisanu chanu chija chimalekeza apa," anatero, akupukuta timbatata tija pathalauza. "Usachape malayawa. Ndi muyezo wa nkhuti ya chaka chino."