Fani ya Achimwene

Mwana wanga wamkazi atapatsidwa malo ku mayunivesite awiri kuti akaphunzire fizikisi, achimwene anga analengeza kuti osankha akhala iwo. Amagulitsa mababu ndi mawaya, ndiye nkhani iliyonse yonunkha magetsi m'banja mwathu amagamula ndiwo. Mwanayo anawafotokozera mwaulemu kuti fizikisi yakeyo ndi ya masamu ndi kuganiza, osati ya sikuludiraiva. Iwo anati kuganizako akhala akuganiza chibadwire, koma palibe anawapatsapo digiri.

Tsiku lokaona masukuluwo ananyamula fani yakufa ya m'shopu mwawo kuti akayesere aphunzitsi. Ine ndinangopemphera chamumtima kuti manyazi ake akhale oti tingawasenze.

Yunivesite yoyamba inali ya magalasi okhaokha. Bambo wina wa tayi analandira faniyo ndi manja awiri n'kutuma munthu, ndipo tisanamalize kuyendera makalasi inabwera ikuzungulira. Mwanayo atafunsa za mphunzitsi wa fizikisi ya masamu, bamboyo anati ameneyo anachoka kalekale, koma dziwe losambiramo ndi latsopano. Achimwene anagwedeza mutu mokhutira.

Tili m'galimoto anadulanso waya wa faniyo, ati mayeso akhale achilungamo.

Yachiwiri inali khonde lalitali, mabolodi ndi fumbi la choko. Mphunzitsi wake, mayi wa nsapato zakutha, anaisuzumira faniyo mwachisoni.

"Pepani bambo, ine yanga yomwe amandikonzera ndi aneba."

Anandipatsa mpando wake womwe, atayamba waupukuta ndi mpango. Kenako anamufunsa mwanayo chimene chimamusowetsa tulo m'mabuku ake, n'kumupatsa choko. Anatsutsana pabolodipo mpaka kutiiwala. Mwana wanga, amene kunyumba amayankhula ngati mawu ndi obwereka, ndinamuona akukweza mawu, akuseka.

Pobwerera achimwene anati nkhani yatha: mwana wa mlongo wawo sangakaphunzire kwa anthu ogonja kwa fani. Mwanayo anangoyang'ana pawindo. Ine chikhalire sindinawatsutsepo achimwene, koma tsikulo ndinayankha.

"Achimwene, mwanayu ndinabereka ndine. Apita kwa mayi wa choko uja."

Njira yonse sanandiyankhule, koma atatitsitsa anadikira mpaka titalowa m'nyumba.

Mwanayo anapitadi. Masiku ano achimwene amauza aliyense wodzagula babu kuti sukuluyo anasankha ndi iwo, ati anangomuona m'maso mayi uja n'kudziwa kuti apa pali mutu. Ine ndikakhalapo ndimangoti ameni.