Nsapato Zatsopano M'phiri

Mkazi wanga amanditchula Woyambitsa, ndipo sindingakane. Khola la nkhuku kuseri kwa nyumba latha zaka zitatu lopanda denga poti misomali yake inasowa, gitala ili pamwamba pa wadilopu ndi nsambo ziwiri. Choncho nditalembetsa mpikisano wothamanga makilomita 60 m'mapiri, iye anangofunsa ngati adzanditole pa kilomita yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi. Zinandiwawa. Ndinalumbira chamumtima kuti ichi chokha ndimaliza.

Ndinakonzekera miyezi isanu ndi itatu, m'mamawa uliwonse ndisanapite ku ofesi. Kenako ndinachita chomwe wothamanga aliyense amachenjezedwa kuti asayerekeze: ndinagula nsapato zatsopano n'kuzisunga m'bokosi mpaka tsiku la mpikisano, ngati suti ya ukwati.

Makilomita khumi oyamba anali okoma zedi. Mame, fungo la mitengo, mpweya wozizira bwino, ine ndikupitirira anthu n'kumawapatsa moni. Pofika makilomita 30 zidendene zanga zinali zitasupuka, ndipo onse aja anandibwezera moni wanga mmodzimmodzi.

Njira ya m'phiri imadziwika ndi timaliboni tofiira tomangidwa m'nthambi. Kumbuyo kwa onse kumabwera munthu womasula timaliboniti, ndipo akakupitirira, mpikisano wako wathera pomwepo. Wathu anali mayi a imvi, namwino wopuma pantchito. Anandipeza pa kilomita 41 ndikuyenda ngati ndikuponda makala.

Anayang'ana kumapazi kwanga. "Zatsopano?"

Ndinavomera. Anapukusa mutu, kundikhazika pamwala, n'kuyamba kumata pulasitala pa matuza. Kaya chinandigwira n'chiyani, ndinawauza zonse: khola, gitala, dzina lija. Misozi inatuluka, bambo wamkulu wa ana atatu.

"Lamulo likuti ndikakupitirirani mwatuluka," anatero. "Silikunena kuti ndifulumire."

Kuyambira pamenepo kaliboni kalikonse kanayamba kuwavuta kumasula. Akamasula ankakapinda mwaudongo, kukaika m'chikwama, kenako kumanganso zingwe za nsapato zawo zomwe zinali zomanga kale. Ine patsogolo ndikutsimphina, osacheuka chifukwa cha manyazi.

Tinafika dzuwa litapendeka. Nsalu yolembedwa pomalizira inali itatsitsidwa, mamendulo atalongedzedwa, mipando ikukwezedwa m'lole. Mtima unandisweka. Ngakhale poti ndinene kuti ndamalizira apa panalibe.

Pakati pa bwalo panaima mkazi wanga yekha, atanyamula juzi yanga. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zofiira ndi magazi. Kenako anavula silipasi, anawerama, n'kujambula mzere pafumbi.

"Bwerani, abambo. Mpaka apa."

Ndinaudumpha ndi mwendo umodzi. Anandiveka juzi, n'kumanga mabatani onse mpaka m'khosi.

"Misomali ya khola ija," anatero motsitsa mawu, "ndaipeza."