Masipika Anayi pa Ampulifaya ya Malemu

Ampulifaya imene malemu amuna awo a Julia anasiya inali yachikale, ya mababu agalasi omwe amayaka pang'onopang'ono ngati makala. Mwana wawo Stacy anapempha chinthu chimodzi chokha: pa kitchini pate yake, phwando lolangiza mkwatibwi, ya Loweruka ku Chelstone mu Lusaka, nyimbo zituluke m'makina a bambo ake.

Lachisanu m'mawa mlamu wa a Julia, Cliff, anabweretsa masipika anayi obwereka kutchalitchi. Anapotera mawaya onse pamodzi n'kuwamanga kumbuyo, pamene panalembedwa 8. Nyimbo inatuluka yosasa mawu, mababu anafiira, m'nyumba munamveka fungo lakupserera. A Julia anazula pulagi, n'kuimbira foni a Seif, okonza mawailesi ku Kamwala, omwe anali bwenzi la malemu.

A Seif anafika atatuluka mumzikiti, kachikwama m'manja.

"Bwanji, ba Cliff? Ndimwe injiniya wa pano?"

"Ine nenze kufuna chabe kuti zimveke mpaka ku Avondale."

"Sembe zamveka. Kulila kwa ba Julia."

A Seif anatulutsa kamita n'kuyeza sipika iliyonse, kenako zonse pamodzi.

"Onani. Imodzi ili na ma omu eyiti, ndiye katundu wamene makina aya afuna. Mukazimanga mtolo umodzi zigwela pa awili. Mwaipachika monga minibasi ya ku tauni, ena pa miyendo ya anzao."

"Koma ampulifaya ya kuchechi sivuta," anatero Cliff.

"Ija ni ya manje. Iyi ni nkhalamba. Thilansifoma yake ikapsa, mu Lusaka yonse simuzapeza ina."

"Yapsa?" anafunsa a Julia motsitsa mawu.

A Seif anatsegula kumbuyo, ananunkhiza, anayeza. A Julia anapita kukhitchini, akupemphera chamumtima, ndipo anabwerako ndi tiyi ndi zitumbuwa. Anaziika pafupi ndi dzanja la a Seif, chogwirira cha kapu chikuloza kumanzere, pakuti ankakumbukira kuti chala chawo chakumanja chinavulala kalekale.

Kenako a Seif analumikiza masipika awiriawiri motsatizana, waya wochoka kwa ina kulowa kwa inzake, magulu awiriwo n'kuwakumanitsa kumapeto. Kamita kanabwerera pomwe kanali pa sipika imodzi.

"Ba Cliff, ikani pulagi. Ikaphulika ndimwe muli pafupi."

Mababu anayamba kuwala mofatsa. Kwa kanthawi sikunamveke kanthu. Kenako gitala inalowa, yoyera, ng'oma zili pambuyo pake, mpaka magalasi a m'kabati ananjenjemera.

"Ili moyo," anatero a Seif, akutola chitumbuwa.

"Nenze pafupi kuikonza ine, mawaya chabe!" anafuula Cliff, atayamba kale kudula chiuno pakati pa mipando.

A Julia anaimbira Stacy. Mwanayo atayankha, iwo anangoyandikizitsa foniyo pa sipika.