Kulira kwa Amayi pa Chimbale

Achimwene atabwera kuchokera m'tauni ndi laputopu, masipika awiri ndi ndevu zosapesa, anasankha chipinda cha malemu bambo. Anatulutsa bedi, nakhoma mathileyi a mazira khoma lonse, natseka zenera ndi matiresi akale. Kuyambira tsiku limenelo chipindacho chinasanduka situdiyo, ndipo wolowamo ankayamba wavula nsapato.

Mlongo wawo ankaonerera zonsezi atanyamula beseni la zochapa. Pabanjapo ankangomutcha Nesi, osati chifukwa anaphunzira unamwino, koma chifukwa ndiye ankasambitsa amayi, kuwadyetsa ndi kuwamwetsa mankhwala. Digiri yake inali ya zaulimi, ndipo inkagona m'sutikesi pamodzi ndi nsapato za gogoda.

Nyimbo za achimwene zinalibe ng'oma, zinalibe mawu, zinalibe n'poyambira kugwedeza mutu pomwe.

"Izi si zovina, Nesi. N'zopumira. Anthu a m'mizinda ikuluikulu amamvera akafuna kuiwala mabwana awo."

"Ndiye mwapeza ntchito yogoneka anthu."

"Yochiritsa anthu, mbuli iwe."

Kuseri kwa nyumbayo kunali kaphiri, pamwamba pake tchalitchi chakale chopanda denga, ndipo m'munsi mwake manda. Anthu ankakwerabe kukapemphera m'bwinjamo. Achimwene ankati malowo ali ndi mzimu, ndipo ankazungulira ndi maikolofoni pa ndodo ngati munthu wosaka mbewa. Anajambula mphepo yodutsa m'mazenera osweka, njuchi za m'nsanja ya belu, chidebe chikugunda madzi pachitsime. Akafika pa laputopu ankawakoka mawuwo pang'onopang'ono mpaka njuchi zimveke ngati limba. Kunja kunali kampani ina yaing'ono yomwe inkadikira chimbalecho, ndipo iwo ankaitchula katatu pa tsiku, ngati mankhwala.

Amayi anali ndi matenda oiwala. Bambo anamwalira zaka zitatu zapitazo, koma m'mutu mwa amayi anali atangotuluka panja. M'mawa uliwonse akatha kumwa tiyi ankayang'ana pakhomo.

"Bambo ako apita kuti?"

"Apita kukaona ng'ombe," ankatero Nesi. Ng'ombezo zinagulitsidwa kalekale, koma amayi ankagwedeza mutu n'kumwetulira. Limeneli ndilo linali lamulo la pakhomopo, ndipo Nesi anawauza achimwene tsiku lomwe anafika: amayi asauzidwe zoona. Akauzidwa, maliro amayambiranso poyambirira.

Lachitatu lililonse Nesi ankapita kuchipatala kukatenga mankhwala. Kwa milungu ingapo, pobwera ankapeza amayi atatupa maso, akukana chakudya, osadziwa chimene chawakwiyitsa. Anaganiza kuti ndi mankhwala atsopano amene amayi ankamwa. Anafunsanso kwa dokotala.

Tsiku lina masana achimwene anamuitana, nkhope ili ngwee.

"Vula nsapato. Khala apo. Iyi ndi yomaliza pa chimbale, mtima wake weniweni."

Anamuveka mahedifoni. Kunabwera mphepo ija, kenako njuchi, kenako pansi pa zonsezo kunadzuka mawu aatali, okwera pang'onopang'ono ngati utsi. Anali okoma. Nesi anadana nako kukoma kwakeko, chifukwa anawazindikira mawuwo: kunali kulira kwa amayi. Anawamvapo kamodzi, pakhonde la chipatala, tsiku lomwe dokotala anatuluka atavula magalasi kudzanena kuti bambo atisiya.

Anavula mahedifoni.

"Kangati?"

"Usayambe nkhope ya amayi a mpingo."

"Achimwene, mwawauza kangati?"

"Kasanu. Koyamba inali ngozi, zinangondipulumuka pakamwa. Koma unayenera kumva, Nesi! Oimba onse amene ndagwira nawo ntchito, palibe wotulutsa mawu amene aja."

"Mwawaphera mwamuna kasanu."

"Pakatha mphindi khumi amakhala aiwala. Chimene munthu sakumbukira chamupweteka pati? Iwe umawanamiza tsiku lililonse, ine ndimawauza zoona. Wochimwa ndani pamenepa?"

Nesi anayang'ana mathileyi a mazira. Ena anali akadali ndi nthenga.

Vuto la achimwene linali lakuti zojambula zisanu zonsezo zinali ndi chilema. Chimodzi analowerera tambala, china njinga yamoto, china amayi anagunda maikolofoni ndi mkono. Ankafuna chimodzi chokha choyera. Ndiye panabukanso vuto lina: amayi anasiya kuwakhulupirira. Lachitatu lapitalo atawauza, amayi anangoseka, nati iwe unayamba bodza usanamere mano.

"Amamva iwe wekha," anatero achimwene. "Uwauze kamodzi, m'situdiyo muno, chitseko chitatsekedwa. Ndikajambula bwino, mawa lake ndanyamuka. Ukakana, ine sindili pachangu. Nyumba ino ndi yathu tonse, ndipo Lachitatu limabwera sabata iliyonse."

Nesi anayesa zimene akanatha. Anabisa maikolofoni m'thumba la makala, achimwene namuonetsa foni, nati nayonso ili ndi makutu. Anaimbira amalume, amalume nati mwana wamwamuna akapeza chochita musamamutsekereze, ndipo akazi mumakonda kukulitsa nkhani. Anayesa kupita nawo amayi kuchipatala, koma amayiwo anasanza basi isanafike pamlatho. Anapempha mayi woyandikana naye kuti azidzakhala nawo, achimwene namutuma mayiyo kugolosale ndi chenji choti asunge. Sabata imeneyo anapeza chithunzi cha manda a bambo chili pa tebulo la amayi, pambali pa kapu.

Anawerengera ngati mmene amawerengera mapiritsi. Kamodzi kochokera kwa iye, kapena Lachitatu lopanda malire.

Loweruka m'mawa anawasambitsa amayi, nawadzoza mafuta, nawaveka juzi yobiriwira imene ankaikonda. Achimwene anali atatsekera tambala m'dengu kuseri kwa bafa. Anaika mpando pakati pa situdiyo, nayeza ndi zikhatho mtunda wochokera pa maikolofoni.

"Amayi, takhalani apa ngati mfumukazi," anatero mokoma. Kenako kwa Nesi, monong'ona: "Usaime pafupi kwambiri, umapuma ngati ng'ombe. Ukanena, usawagwire. Zovala zimachita phokoso."

Kanyali kofiira kanayaka. Anadikira. Amayi anayang'ana makoma, nayang'ana pomwe panali bedi.

"Chipinda chino achita nacho chiyani? Bambo ako apita kuti?"

Nesi anatsegula pakamwa, ng'ombe zili kale pa lilime. Achimwene anakweza chala.

"Amayi, bambo anamwalira."

"Wati chiyani?"

"Anamwalira. Papita zaka zitatu. Tinawaika kuseri kuno, pansi pa kaphiri."

Amayi sanalire. Anamuyang'ana Nesi nthawi yaitali, kuyambira kumapazi mpaka kumutu, monga mmene ankayang'anira nsalu pamsika asanaikane. Pakhosi panatuluka kaphokoso kamodzi, kakang'ono, ngati chitseko cha kabati. Nesi anaiwala malangizo, nagwada, nawagwira dzanja.

Amayi analichotsa dzanjalo.

"Ndinu yani mayi inu?"

"Ndine, amayi. Ndine mwana wanu."

"Mwana wanga sangandiuze zimenezo. Mwana wanga ndi wabwino mtima." Anadzikokera kumbuyo kwa mpando, nafunda juzi mpaka kuchibwano. Maso awo anasakasaka m'chipindamo mpaka anapeza achimwene kuseri kwa laputopu, ndipo nkhope yawo inamasuka. "Mwanawe, bwera. Mtulutse mkaziyu m'nyumba mwanga. Wabwera ndi zoipa. Ndikumuopa."

Nesi anatembenukira kwa achimwene. Iwo anali atatsinzina, dzanja limodzi litapanikiza hedifoni kukhutu, akumwetulira ngati munthu amene pemphero lake layankhidwa mopitirira muyezo. Atatsegula maso n'kuona kuti Nesi akufuna kudzuka, anamukodola msangamsanga kuti akhale pomwepo, asasunthe, apitirize.

"Mwanawe!" anaitananso amayi, mawu akuyamba kukwera.

Achimwene anatsitsa pang'ono kabatani kuti mawuwo asasweke.