Dzina la Amalume pa Fomu ya Esme

A Morgan Chikoti anali atazula mano pa chipatala cha pa Chipyela kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo dzanja lawo lamanja linali litayamba kudandaula. Likagwira nsagwada za anthu asanu m'mawa umodzi linkanjenjemera, moti ankayamba aliviika m'beseni la madzi ofunda asanaitane wachisanu ndi chimodzi. Pa Likoma ponse panalibe wina wodziwa ntchitoyi. Zaka zopuma pantchito zinali zitatsala ziwiri, ndipo akaganiza zoti iwo akadzachoka anthu azidzadikira sitima sabata yathunthu tsaya lili ndundundu, mtima unkawalemera.

Koma chimene chinkawatopetsa kuposa dzanja chinali mbiri yawo. A Chikoti anaphunzira za mano pa koleji ina ya kumtunda, ndipo zaka zisanu ndi zitatu zapitazo mwana wawo Brandon anasankhidwa kukaphunzira pa koleji yomweyo. Basitu, chilumba chinagamula mlandu tsiku lomwelo: kumeneko amatenga ana a anthu amene anaphunzirako. Pamsika, padoko, ngakhale pakhomo pa tchalitchi anthu akutuluka m'mapemphero, nkhani inali yomweyo, kuti dzina la Chikoti kumeneko limatsegula zitseko. Zoona zake n'zakuti Brandon anakhoza yekha. Bambo ake sanalembere kalata munthu aliyense, ndipo aphunzitsi amene ankawadziwa anali atapuma kalekale, ena ali kumanda. A Chikoti ankadziwa zonsezi. Kungoti munthu akakuvulira chipewa chifukwa cha chinthu chimene sunachite, pakamwa pamalemera. Ankangomwetulira n'kunena kuti, "Ndi Mulungu," anthu n'kumamva kuti ndi Mulungu ndi a Chikoti. Brandon mwini wakeyo anakhazikika ku Blantyre, ndipo kwawo ankangobwera pa Khirisimasi kudzajambula zithunzi.

Chiyembekezo chawo chinali pa Esme, mwana wa mlongo wawo Elsie. Bambo ake a Esme anali a Harrison Mapunda, msodzi wa ku Mbungo, munthu wofatsa amene sukulu anailekezera Sitandade 4. Mtsikanayu anakhoza mayeso a Fomu 4 ndi mapointi 11, ndipo pa mayeso amenewa mapointi ochepa ndiye abwino. Chaka choyamba sanafunsire malo chifukwa ankadwazika mayi ake. Chaka chachiwiri anafunsira ku koleji ija, dzina lake silinatuluke. Tsopano chinali chaka chachitatu, chomaliza chimene kolejiyo inkalandira satifiketi yake. Esme ankafunitsitsa ntchito ya mano, osati mongotengeka ayi. Loweruka lililonse ankayenda wapansi kuchoka ku Mbungo kudzakhala pakona m'chipinda cha amalume ake, kuonerera mmene amabayira jakisoni wa dzanzi, ndipo anali atawauza kuti iye akadzamaliza adzabwerera kuno.

Tsiku lina masana a Elsie anafika pakhonde la chipatala, mapazi ali mbuu ndi fumbi, fomu ili m'jumbo. Anadikira mpaka wodwala womaliza atatuluka ataluma thonje.

"Achimwene, ndabwera ndi pepala la mwana wanu."

"Walemba kale?"

"Walemba vyonse, kwatsala pa jina. Pamenepo ndamuuza kuti aleke." A Elsie anatulutsa fomuyo n'kuiwongola pabondo. "Chaka chatha tinalemba Mapunda. Mwaona mmene vinathera. Chaka chino alembe Chikoti, ndipo pa bambo mulembe inu."

A Chikoti anakhala pansi pa benchi. "Elsie, kumeneko amaona mapointi."

"Mapointi analipo chaka chatha. Brandon analowa ulendo umodzi, Esme anabwerera pakhomo. Kusiyana kwake n'chiyani ngati si jina?"

"Brandon anali ndi mapointi 9."

"Awiri okhawo? Achimwene, musandinyoze. Kapena nenani poyera kuti jina lanu ndi la ana a m'nyumba mwanu mokha, ife tidziwe."

Mawu amenewo anawabaya. Apa m'pamene a Chikoti akanayenera kunena zonse, kuti dzina lawo ku kolejiko silidziwika ngakhale ndi mlonda wa pageti. Koma kunena zimenezo kunali kuvula malaya amene anavala zaka zisanu ndi zitatu, ndipo mlongo wawo akanangoti akukana chifukwa cha kaduka. Chibale ndi fupa, sichiola, komanso nthawi zina chimatsamwitsa. Anali atatopa, dzanja likuwawa, sanadye chiyambire m'mawa. Anadziuza kuti ngati dzinalo silithandiza, ndiye kuti silingawonongenso kanthu.

Muwamvetse pang'ono a Chikoti, chifukwa pa Likoma dzina si nkhani yovuta. Mwana akaleredwa kwa amalume amatenga dzina la amalume. Amene bambo ake anatchona ku Joni kapena ku Halale amalembedwa dzina la agogo. Munthu mmodzi m'buku la ubatizo ndi wina, kusukulu ndi wina, padoko amamuitana dzina lachitatu, ndipo palibe amene amasokonezeka chifukwa aliyense amadziwa mimba imene munthuyo anatulukamo. A Chikoti anaona ndithu kuti satifiketi ikuti Esme Mapunda. Anangoti m'mtima, chithunzi chilipo, tsiku lobadwa ndi lomwelo, akaona okha kuti ndi mwana mmodzi.

"A Mapunda akudziwa?" anafunsa.

"Avomera. Akuti bola mwana aphunzire."

Loweruka lotsatira Esme analemba Chikoti pa fomu, amalume ake anasaina pa malo a bambo, envulopu inakwera sitima. A Mapunda anatumiza nsomba zouma zodzaza dengu.

Patapita miyezi inayi mayina anatuluka. Esme anawawerenga pa foni ya mnzake, kuyamba pa C, kenako n'kupita pa M mwina mwake, kenako n'kuyambiranso pamwamba. Panalibe. Uthenga unawapeza a Chikoti ali ndi chibwano cha munthu m'manja, ndipo anamaliza kuzula dzinolo osadziwa kuti alizula bwanji.

Anakhala masiku awiri asanalimbe mtima. Tsiku lachitatu anafufuza nambala ya mayi Eleanor, amene anaphunzira nawo kalasi imodzi kale, ndipo tsopano ankagwira ntchito mu ofesi yolembera ophunzira pa koleji ija. Aka kanali koyamba m'moyo wawo kuimbira munthu wa kumeneko pa nkhani ya mwana. Anakaima pansi pa mlambe kuseri kwa chipatala, pamene netiweki imagwira bwino.

"Morgan wake uti?" anafunsa mayi Eleanor. A Chikoti anachita kuwakumbutsa za ku Likoma, za mnyamata amene ankasanza akaona magazi chaka choyamba, m'pamene mayiwo anaseka n'kukumbuka. Mayiwo anati adikire, akayang'ane. Patatha ola anaimbanso, ndipo kuseka kunali kutatha.

"Fomu ndaipeza. Ili pa mulu wa zoikidwa pambali. Fomu ikuti Chikoti, satifiketi ikuti Mapunda, ndipo kalata yolumbira kwa majisitireti yoti ndi munthu mmodzi palibe. Zotere sitiziwerengera n'komwe, Morgan. Alipo amene amabwera ndi masatifiketi a eni ake."

"Koma chithunzi chilipo."

"Mafomu analipo zikwi zitatu. Ndani angakhale pansi kumafananitsa mphuno? Nanga munasinthiranji dzina?"

A Chikoti anayankha kuti, "Kuno anthu amati ana a amene anaphunzira kumeneko amayamba ndiwo kutengedwa."

"Anthu amatero kulikonse. Wanga weniweni anakanidwa kawiri, ine ndili mu ofesi muno. Pa fomu pali pamene pamafunsa kumene bambo anaphunzira? Iwe sukudziwa zimenezi?"

"Ndikudziwa."

Mayi Eleanor anapitiriza kuti, "Chimene chikundiwawa n'chakuti chaka chino malo anawonjezera. Atsikana a mapointi 13 alowa. Uyu wa 11 akanakhala m'gulu loyambirira."

A Chikoti anapempha. Anapempha ngati mwana, kutchula zaka zawo za ntchito, kutchula dzanja, kutchula chilumba chopanda wozula mano. Mayi Eleanor anamvetsera zonse mwaulemu n'kunena kuti mndandanda unatsekedwa, makalasi ayamba Lolemba, ndipo iwo alibe mphamvu yolowetsa munthu ngakhale atakhala mwana wa m'mimba mwawo.

Loweruka m'mawa a Chikoti ananyamuka wapansi kupita ku Mbungo. Njira yake ndi ya miyala, yodutsa m'minda ya chinangwa, ndipo dzuwa la Okutobala silinawachitire chisoni. M'njira monse ankakonza mawu. Akanatha kunena kuti mpikisano unali waukulu. Akanatha kunena kuti akuluakulu amene ankawadziwa anasinthidwa. Bodza lililonse mwa amenewa likanalandiridwa ndi manja awiri, chifukwa anthu a ku Mbungo anazolowera kumva kuti za kumtunda n'zovuta. Pofika pa mlambe wolowera m'mudzi anali atasankha loyambalo.

Anapeza a Mapunda atakhala pamthunzi wa mtengo wa mango akusoka ukonde, chala chachikulu cha kuphazi chitakola chingwe. A Elsie ankayanika chinangwa pa thandala. Esme anatuluka ndi mpando, anagwada kupereka moni, maso ali otupa, kenako anakakhala pakhonde.

A Chikoti asanatsegule pakamwa, a Mapunda anayamba ndiwo.

"Alamu, yewo chomene. Mwayenda mtunda wonsewu pa juwa ili. Musadandaule, inu mbali yanu munachita. Munthu kupereka jina lake kwa mwana wa mnzake si chinthu chaching'ono." Anakoka chingwe ndi mano n'kuchidula. "Ine ndauza mwanayu kuti mtima ukhale pansi. Ngati jina la Chikoti lalephera, la Mapunda likanapita kuti? Si mwayi wathu basi."

A Elsie anavomereza ndi mutu. Esme ankakanda simenti ya pakhonde ndi chikhadabo.

Bodza lija linali lokonzeka pa lilime, ndipo mlamu wawo anali atawayalira kale mphasa yoti aligoneke. Koma a Chikoti anayang'ana munthuyo, zala zake zong'ambika ndi zingwe, akuwathokoza ndi mtima wonse, ndipo anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire. Anatopa nako kuvuliridwa chipewa.

"Alamu, siyani kaye ukondewo." A Chikoti anakokera mpando pafupi. "Ndinaimba foni ku koleji. Esme sanalephere. Fomu yake sanaiwerenge n'komwe, chifukwa dzina la pa fomu linasiyana ndi la pa satifiketi. Chaka chino atenga mpaka a mapointi 13. Akanalemba Mapunda, bwenzi pano akulongedza katundu."

Chinangwa chinagwa m'manja mwa a Elsie.

"Mukuti chiyani, achimwene?"

"Ndikuti dzina langa kumeneko si kanthu. Silinakhalepo kanthu. Brandon analowa ndi mutu wake. Mayi amene ndinawaimbirawo anachita kundifunsa kuti ndine Morgan wake uti."

Esme anadzutsa mutu. Sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakweza.

"Amalume, zoti dzina lanu silithandiza mwazidziwa pa foniyo?"

"Ayi."

"Munazidziwa liti?"

"Kalekale. Nthawi ya Brandon yomwe."

"Ndiye tsiku lija ndikulemba, inu mutaima pambali panga, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa. Ndinkaganiza kuti siziwononga kanthu."

Mtsikanayo anaimirira n'kulowa m'nyumba. A Elsie anayamba kulira, kwinaku akudzitukwana okha, kwinaku akutukwana achimwene awo, ndipo posakhalitsa anamutsatira mwana wawo. A Chikoti anayamba kunena zoti Esme akhoza kulembanso mayeso a Fomu 4, kuti zaka ziwiri si zambiri, kuti iwo athandiza. Anazimva okha mmene zinkamvekera, ndipo analekeza pakati.

Anatsala awiri pansi pa mtengo wa mango. A Mapunda analeka kusoka. Anamasula chingwe ku chala chawo, anapinda ukonde pang'onopang'ono n'kuuika pambali.

"Ndiye kuti Mapunda akanalowa," anatero, ngati akudzifunsa okha.

"Akanalowa, alamu."

"Jina langa lomweli."

"Lomwelo."

A Mapunda anagwedeza mutu. Sanakwiye, ndipo nkhope yawo inangooneka ngati ya munthu amene wakoka ukonde tsiku lonse.

"Mukudziwa, alamu, siku limene envulopu inkakwera sitima ndinamuitana mwanayu kuseri kwa nyumba. Ndinamuuza kuti, mwana wanga, undikhululukire, ndinakupatsa jina lopanda ntchito, lakutayitsa chaka. Ine bambo wake, ndinapepesa. Iye akulira, akuti ababa musatero, ine ndikupepesabe." Anapukuta manja pa kabudula. "Ndinagwada, alamu."

A Chikoti anakhala pampandopo, manja ali pa mawondo, akumva Esme akulira m'nyumba.