Ovololo Izitsala ku Famu

Kambalame, mwana wathu wa zaka zinayi, anatuluka zidzolo m'masaya ndi pachifuwa. Ankadzikanda mpaka kutuluka magazi, kwinaku akutsokomola. Ndinasintha sopo, ndinasintha mafuta odzola, koma ayi ndithu. Mtima wanga unali m'mwamba.

Bambo ake amapopera mankhwala ku famu ya maluwa. Chilandirireni ovololo ndi magambutsi, ee, anthu sitinapume! Ankaweruka atavala zonsezo, akuyenda monyang'wa kuti aliyense aone kuti munthu ali pa ntchito. Akangotulukira pageti, Kambalame ankawathamangira n'kukwirira nkhope pachifuwa pawo. Loweruka ndinkanyika ovololoyo m'beseni limodzi ndi timadiresi ta mwanayo.

Tsiku lina a Sizasi, mayi oyandikana nafe nyumba, anandipeza ndikuchapa. Dzinali analitengera ku famu komweko, kumene anadula maluwa zaka khumi ndi zisanu. Anawerama n'kununkhiza madzi a m'beseni.

"Mwana wanga, ukuchapira zovala za mwana m'mankhwala!"

"Koma ovololoyi sinade kwenikweni," ndinatero.

"Mankhwala saoneka ndi maso." Anandionetsa manja awo ong'ambikang'ambika, zikhadabo zakuda bii. "Ine ndinkati magolovesi amandichedwetsa. Taona malipiro ake."

Mayi aja sanapite kwawo. Anakhala pakhonde mpaka bambo anafika. Kambalame atayamba liwiro, a Sizasi anamugwira dzanja.

"Bambo a Kambalame, imani pomwepo."

"Kodi amayi, mwayamba liti ulonda?" bambo anaseka.

"Lero lomwe. Ndikulondera mwana wanu. Mankhwala omwe mwapopera tsiku lonse ali pa ovololoyo, ndipo mwana amapakapo nkhope yake."

Ndinkaganiza kuti pavuta, pajatu amuna anga si ouzidwa. Koma anangoima, maso ali pa masaya a mwana. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye kuti ndine ndikumupweteka?"

"Simunkadziwa," anatero a Sizasi. "Lero mwadziwa."

M'mawa mwake tinapita kuchipatala, bambo atanyamula mwana okha. Anamwino anatipatsa mankhwala opaka, n'kugwirizana ndi zomwe a Sizasi ananena: bambo azisamba asanakhudze mwana, ndipo zovala za ntchito zisasakanizidwe ndi za m'nyumba.

Masiku oyamba anali owawa. Bambo ankazungulira kuseri kukasamba, mwana akulira pakhomo kuti adadi amukana. Iwo ankangolimba mtima.

Sanalekere pomwepo. Bafa la ku famu linali lopanda madzi kwa miyezi, aliyense akungong'ung'udza. Bambo anati mutu umodzi susenza denga, ndipo anasonkhanitsa anzawo opopera n'kupita kwa abwana. Anawafotokozera za masaya a Kambalame mosapsatira mawu. Pasanathe milungu iwiri mpopi unakonzedwa, ndipo maovololo anayamba kuchapidwa komweko. Kunena zoona, sindinawanyadirepo amuna anga ngati tsiku limenelo.

Pano amaweruka atavala shati yawo yakale yothothoka kolala. Zidzolo zinatha, chifuwa chinasiya. Dzulo Kambalame anawalumphira pageti, n'kuwanunkhiza m'khosi.

"Adadi, mukununkhira sopo!"

A Sizasi anaseka pakhonde pawo mpaka kupukuta misozi.

Anzanga ogwira ntchito m'mafamu a maluwa, valani zodzitetezera, sambani musanaweruke, ndipo ovololo izitsala ku ntchito. Mwana akakuthamangirani, apeze bambo ake, osati mankhwala.